Mwana wa ku Dowa ndi Ntchisi Aphunzirirenji za Umphawi wa Dziko Lonse?

Ikafika Januwale, mphunzitsi wa kumapiri a Dowa ndi Ntchisi sachita kufunsa ngati nkhokwe zatha kumudzi. Amaonera m'kaundula. Mayina osavomera amachuluka: uyu wapita kukabandira pa ganyu, uyo akuthandiza makolo kusoka fodya m'chigafa. Amene abwera amayamba kusinza dzuwa lisanafike pamutu. M'kalasi yomweyi ndi mmene mphunzitsi akuyenera kukamba za umphawi ndi chitukuko, nkhani zopezeka m'maphunziro a Social Studies, Geography ndi Agriculture. Aphunzitsi ndi makolo ali ndi mafunso pa nkhaniyi, ndipo ndi mafunso oyenera. Safunsa anadya phula, choncho tiyeni tiwayankhe limodzilimodzi.

Mwana wogona ndi njala akuudziwa kale umphawi. Pali chiyaninso choti aphunzire?

Ululu wake akuudziwa, koma gwero lake sakulidziwa. Mwana wa kwa Chakhaza kapena kwa Nthondo amadziwa kudya kamodzi patsiku. Amadziwa kukokerana bulangete limodzi ndi abale ake chisanu cha mu Juni chikatsika m'phiri. Akafunsa chifukwa chake, kumudzi amamuuza kuti banja lawo ndi latsoka, kapena kuti akutiakuti ndi aulesi, kapena kuti wina anawakokera zokolola ndi mankhwala. Mwana wokula ndi mayankho amenewa amafika pokhulupirira kuti umphawi ndi chibadwa, ndipo chibadwa salimbana nacho.

Ntchito ya sukulu ndi kumuonetsa kuti umphawi uli ndi zifukwa zoti munthu angathe kuzitchula, kuziwerenga ndi kuzisintha. Ayeneranso kumva kuti kuli mayiko amene agogo ankagona ndi njala koma adzukulu awo lero akudya katatu. Zimenezi sangazione poyang'ana mudzi wake wokha, pakuti mudziwo wakhala momwemo chibadwire iye. Ayenera kusuzumira kutsidya kuti adziwe zoti zinthu zimatha kusintha.

Kodi umphawi amauyeza bwanji?

Mu 1990 banki ya World Bank inaika muyeso wakuti munthu wokhalira ndalama yosafika dola imodzi patsiku ndi wosaukitsitsa. Mitengo ya zinthu itakwera, muyesowo unakweranso: $1.25 mu 2008, $1.90 mu 2015, $2.15 mu 2022 ndi $3 mu 2025. Ana auzidwe kuti dola imeneyi si yokasintha kubanki. Akatswiri amayang'ana zimene ndalamayo ingagule m'dziko lililonse, ndipo chimanga chimene banja lalima lokha n'kudya amachiwerengeranso mtengo. Pa muyeso wa $2.15, Amalawi pafupifupi 70 mwa 100 alionse anapezeka kuti ali pansi pa mzere.

Dziko lathu lilinso ndi muyeso wakewake. Ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imayendera mabanja n'kumafunsa zimene amadya ndi kugula. Kafukufuku wake wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 51 mwa 100 ndi osauka, ndipo pafupifupi 20 mwa 100 sapeza ngakhale chakudya chokwanira thupi.

Mwana wochenjera adzaimika mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga zoona ndi ziti, 70 kapena 51?" Muyamikireni mwana ameneyo. Zonse n'zoona, chasiyana ndi choyezera, monga mmene chimanga chomwecho chimapatsira nambala ina pandowa ndi nambala ina pasikelo. Kenako afunseni anawo zimene ndalama siziyeza: mtunda wa kumjigo, maola oyenda kukafika kuchipatala, denga lodontha, mayi wosatha kuwerenga malangizo a pabotolo la mankhwala.

Padziko lonse umphawi ukukula kapena ukuchepa?

Ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu, amayankha kuti ukukula. Ziwerengero zikunena zina. Pa muyeso wa $2.15, mu 1990 anthu pafupifupi 38 mwa 100 padziko lapansi, anthu okwana pafupifupi 2 biliyoni, anali mu umphawi wadzaoneni. Pofika 2019 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa anthu osakwana 10 mwa 100, ngakhale kuti anthu padziko anali atachuluka kwambiri.

Kusintha kwakukulu kunachitika ku Asia. China inayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma mu 1978, kuyambira kumunda, pamene mabanja analoledwa kulima paokha ndi kugulitsa zotsala. M'zaka 40 anthu pafupifupi 800 miliyoni anatuluka mu umphawi wadzaoneni. Vietnam, dziko lomwe linasakazidwa ndi nkhondo, linasintha malamulo ake mu 1986. Patangopita zaka zochepa linayamba kugulitsa mpunga kunja, ndipo lero ndi lachiwiri kwa Brazil pa ulimi wa khofi. Mayiko onsewa anayambira pa mlimi wamng'ono, sukulu, misewu ndi magetsi, kenako mafakitale.

Mbali yowawa ya nkhaniyi isabisidwe. Ambiri mwa osaukitsitsa a lero ali mu Africa muno, kummwera kwa chipululu cha Sahara. Mu 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana mfundo 17 za chitukuko, yoyamba mwa izo kuthetsa umphawi wadzaoneni pofika 2030, koma mmene zikuyendera cholingacho sichifikirika pa nthawi yake. Mwana amve zonse ziwiri: kuti ntchitoyi ndi yotheka, ndiponso kuti kwathu kuno idakalipo yambiri. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, adzakwaniritsidwa kapena kulephereka m'manja mwa ana amene ali m'kalasi lero.

Nkhani yaikulu chonchi mphunzitsi aiyambire pati?

Aiyambire pa thumba la feteleza. Tumani mwana mmodzi abweretse thumba lopanda kanthu la Urea, lija amayanikirapo ufa. Lipachikeni pabolodi pafupi ndi mapu, ana awerenge zolembedwapo. Afotokozereni kuti Urea amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi panthaka, ndipo kuno kwathu timachita kuitanitsa kunja. Mwana wina aloze ndi ndodo njira ya sitima ya pamadzi mpaka padoko la Beira kapena Nacala ku Mozambique, ndi njira ya pamtunda kudzafika ku Lilongwe, mpaka pasitolo ya pa Mponela kapena pa Malomo. Paliponse pamene ndodo yaima, mtengo wakwera.

Tsopano afunseni kuti n'chifukwa chiyani feteleza anadula kwambiri mu 2022. Russia ndi limodzi mwa mayiko ogulitsa feteleza wambiri padziko, ndipo nkhondo yake ndi Ukraine inabuka mu Febuluwale chaka chimenecho, mitengo ili yokwera kale. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Bambo amene ankathira matumba anayi anathira limodzi, munda unabereka pang'ono, nkhokwe inatha mu Okutobala. Mwana akatsatira ulusi umenewu amaona yekha kuti mfuti yolira ku Ulaya inachepetsa nsima m'mbale yake.

Tsiku lina tsatirani belo la fodya ulendo wotuluka: kuchoka m'chigafa, kupita kumsika wa Kanengo kapena Chinkhoma kumene amaligula m'madola, mpaka kufakitale ya ndudu kunja. Ana awerengetse zimene zimatsala m'manja mwa mlimi akachotsa ngongole ya zipangizo, mayendedwe ndi malipiro a matenanti. Adziwenso kuti kufikira 1990 lamulo silinkalola mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale, chifukwa anali wa eni maesiteti okha. Apo adzaona kuti lamulo lolembedwa mu ofesi limatha kusaukitsa kapena kukweza mudzi wonse.

Kodi potero sitikuphunzitsa ana kuloza chala kunja pa mavuto athu onse?

Tikaima pamenepo, inde, tikhala titawanamiza. Phunziro loona limatchulanso zathu. Pa njala ya 2001 mpaka 2002 dziko linapezeka lopanda chimanga chosungira chifukwa chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Mu 2013 kunaululika kubedwa kwa mabiliyoni a kwacha ku Capital Hill, nkhani ya Cashgate, ndipo mayiko otithandiza anaimitsa ndalama zawo za ku bajeti. Amene anamva kuwawa ndi wodwala wosowa mankhwala ndi mwana wophunzirira pansi pa mtengo.

Palinso nkhani ya malo. Kalembera wa 1966 anapeza Amalawi 4 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, mwa iwo oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi. Nthaka ndi yomweyo. Ana afunse kunyumba kuti munda wa agogo unali waukulu bwanji ndipo lero wagawidwa kangati. Ayang'ane nkhalango ya m'phiri la Ntchisi, imene idakali yobiriwira chaka chonse, n'kuiyerekeza ndi zitunda zometedwa mpala zoyandikana nayo, kumene mvula imakokolola chonde kupita nacho kumitsinje. Akambiranenso za mtsikana wokwatiwa ali Sitandade 6, ngakhale malamulo aakulu a dziko anakonzedwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira pa zaka 18.

Mwana aphunzire kusiyanitsa zimene zimachokera kutali, zimene zimachokera kwa atsogoleri amene timawasankha tokha, ndi zimene zili m'manja mwa banja. Akatha kusiyanitsa zitatuzi adzadziwa pofunika khasu, pofunika voti ndi pofunika kuyankhula.

Dzaleka ili pakhomo pathu. Ingathandize bwanji phunziroli?

Ndi maboma ochepa m'Malawi amene ali ndi dziko lonse pakhomo ngati Dowa. Dzaleka inali ndende ya andale m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 inasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Malowo anakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma lero kuli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Ana a m'midzi yozungulira amakumana nawo pamsika wa Lachiwiri, ndipo ena amaphunzira nawo limodzi m'sukulu zoyendetsedwa ndi bungwe la Jesuit Refugee Service.

Ku Dzaleka mwana amaona mtundu wina wa umphawi, wobwera ndi nkhondo usiku umodzi. Kuli anthu amene kwawo anali aphunzitsi, anamwino ndi amalonda, amene anathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Malamulo athu sawalola kugwira ntchito kapena kukhala kunja kwa msasa momasuka, ndipo mu 2023 boma linabwezera kumsasako amene ankakhala m'matauni. Thandizo la chakudya nalo lakhala likudulidwa. Komabe kumeneko n'kumene kunabadwira chikondwerero cha Tumaini, chimene mlakatuli wa ku Congo, Menes La Plume, anayambitsa mu 2014.

Mphunzitsi athetse mawu onyoza amene ana amatola m'misika. Awakumbutse kuti dziko lino linasungapo anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndiponso kuti amalume awo amene ali ku Joni nawonso ndi alendo m'dziko la eni. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Nanga ana ochokera m'mabanja osaukitsitsa sachita manyazi m'phunziro lotere?

Amachita, mphunzitsi akapanda kusamala. Ndinaona ndi maso anga pasukulu ina alendo atabwera kudzalemba ana ofunika thandizo. Mphunzitsi, mosaganiza zoipa, anati, "Osauka nonse imirirani." Mtsikana wina wa Sitandade 7 anaimirira pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira pamene yunifolomu inang'ambika, maso ali pansi, anzake akumbuyo akutsinana. Analandira makope ndi sopo. Sabata yotsatira malo ake anali opanda munthu, ndipo zinatengera amayi a m'gulu loona za atsikana kuti akamutenge kwawo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimapempha aphunzitsi zinthu zochepa. Musagwiritse ntchito mwana kapena banja lodziwika ngati chitsanzo. Musafunse pagulu kuti ndani wadya ndipo ndani sanadye. Powerengetsa ndalama za pakhomo, pekani banja longoyerekeza, lokhala ndi ekala imodzi ndi theka, ana anayi ndi mbuzi ziwiri, kuti aliyense alankhule momasuka. Ndipo muzinena mobwerezabwereza kuti mayi wolima kuyambira mbandakucha, kutunga madzi, kutola nkhuni n'kukagwiranso ganyu madzulo si waulesi. Ana osauka ndi amene amadziwa bwino mtengo wa mchere ndi mawerengedwe a ufa wotsala. M'phunziro ili iwo ndiwo akatswiri, ndipo apatsidwe ulemu umenewo.

Pali zimene zinayesedwa n'kuthandizadi zoti ana angaphunzirepo?

Zilipo, zina mwa izo zinayesedwa konkuno. Mu 2006 mpaka 2007, mvula itavuta kumpoto kwa Dowa, bungwe la Concern Worldwide linapereka ndalama m'malo mwa matumba a chimanga kwa mabanja zikwizikwi. Galimoto ya banki ya Opportunity inkafika kumudzi, amayi n'kumalandira ndalama pogwiritsa ntchito khadi ndi chidindo cha chala. Anthu anagula chakudya ndi zofunika zina za pakhomo, ndipo ndalamazo zinazungulira m'misika ya m'deralo. Akatswiri a m'mayiko ena anaphunzirapo kanthu pa zimene zinachitika ku Dowa. Thandizo la ndalama la Mtukula Pakhomo nalonso linayamba mu 2006 ku Mchinji, ndipo lero lili m'maboma onse.

Sukulu ya pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ndipo ana olembetsa analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ngakhale kuti makalasi ndi aphunzitsi sanakwane. Phala la kusukulu la Mary's Meals linayambira m'Malawi mu 2002, lero likudyetsa ana oposa 2 miliyoni m'mayiko osiyanasiyana. Banki m'khonde imene amayi a anawa amasonkhako sabata ndi sabata inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE. Ana amadabwa akamva kuti nzeru ya kabokosi ka maloko atatu inachokera kwa amayi a kumidzi ya ku West Africa.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu a ku Kasungu, ana amaikonda. Anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi ziwalo za njinga. Poifotokoza musaiwale kuti nzeruyo anaipeza m'buku la mu laibulale yaing'ono ya kwawoko. Luso anali nalo, koma panafunika wina woika bukulo pashelefu. Funsani kalasi kuti ndi ana angati aluso ngati iye amene sanapeze buku.

Ana a ku Ulaya amaphunzira za umphawi poona zithunzi za ife. Tizitani nazo?

Sukulu zambiri za ku Scotland zili pa ubale ndi sukulu za kuno, makamaka chichokereni pangano la 2005 la pakati pa maboma awiriwa. Ubale wotere ndi wabwino ukakhala wopatsana. Umaipa pamene mwana wa kuno asanduka chithunzi chopemphera ndalama, ndipo iye n'kuyamba kudziona ngati wongolandira.

Sukulu imene ili ndi abwenzi kunja ilimbikitse ana kulemba zimene akudziwa: kasungidwe ka mbewu, kapangidwe ka manyowa, mmene mudzi umasonkhera pa maliro. Nawonso afunse anzawowo za umphawi wa kwawo, pakuti ku Glasgow ndi ku London kulinso mabanja okalandira chakudya chaulere ndi anthu ogona m'misewu. Asanajambule mwana aliyense, makolo ake avomereze, ndipo mwanayo aoneke mmene iye angakondere kuoneka.

Sukulu yathu ilibe mabuku okwanira kapena intaneti. Tingathe bwanji?

Zipangizo zazikulu zili kale m'mudzi. Ana akafunse agogo za njala ya 2002, ndipo kumene kudakali okalamba okumbukira ya 1949 akawamvere: anadya chiyani, anagulitsa chiyani, anawathandiza ndani. Gulu lina lizilemba mtengo wa ndowa ya chimanga pamsika wa Madisi kapena wa paboma la Ntchisi mwezi uliwonse, kuyambira Meyi mpaka Febuluwale, n'kujambula mzere wake papepala lalikulu. Mzerewo udzawaonetsa okha chifukwa chimene banja logulitsa kwa mavenda pokolola limalirira mu Januwale, pogula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera, mwina ndi ndalama ya katapila. Apo Masamu, Agriculture ndi Social Studies zakumana pa tsamba limodzi.

Wailesi ya mphunzitsi ikwanira kubweretsa nkhani za kunja kamodzi pasabata. Mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa zaumoyo ndi mayi wosunga buku la banki m'khonde angathe kuitanidwa kudzayankha mafunso. Pomaliza ana achite kanthu ndi manja awo: dimba la sukulu, nazale ya mitengo, kapena kalata yaulemu yopita kwa khansala yofotokoza za mlatho umene umawatsekereza mvula ikagwa.

Aphunzitsi, mutu uwu musauthamangire ngati wongolowezera mayeso a MANEB. Makolo, mwana akabwera ndi mafunso okhudza munda, ngongole ndi mitengo, muyankheni zoona, pakuti akuphunzira za moyo wake womwe. M'mera mpoyamba. Mwana wa ku Dowa ndi Ntchisi atuluke m'kalasi akudziwa kuti kusauka kwa kwawo si mlandu wake, kuti kuli ndi zifukwa zodziwika, ndiponso kuti anthu ena anauthetsa umphawi wotere m'nthawi ya moyo wa munthu mmodzi.